Senya Imeneyo Usandiuze

Jowakina mwanangu,

Ndikukulembera ngati uli kutali, chonsecho wangowoloka mtsinje kukatsanzika kwa azakhali ako, ndipo dzuwa lisanalowe ukhala utabwera. Usandiseke. Kuyambira Lachinayi ine ndi iwe tikungolankhulana za mchere ndi nkhuni, ndipo ndikudzidziwa: ndikayamba kulankhula pamaso pako ndikweza mawu, iwe uwerama, nkhani ithera pomwepo. Pepala silikweza mawu. Abambo ako apita kukamwetsa ng'ombe, ine ndakhala pakhonde, ndang'amba masamba apakati a kaderno kanga, kabuku kolembamo za kutchalitchi. Kalatayi ndiika pamwamba pa zovala zimene wapinda m'mala mwako, chikwama chako chapaulendo chija. Uiwerenge lero lomwe, usadikire kuti ukafike kusukulu ku Beira.

Ndiyambe ndi za Lachinayizo, monga ndinazionera ine. Unabwera kuchokera kokalembetsa dzina kusukulu, kumene amati matrikula, utanyamula telefoni yatsopano, imene a ku univesidade akupereka kwa aliyense wophunzira unamwino. Amalume ako a Zakariya anali pano. Telefoniyo inayenda m'manja mwa aliyense, monga zimayendera zinthu zatsopano kuno. Itafika kwa ine ndinafuna kuona zithunzi za nyumba imene uzikagonamo. Ndinadina, inakana. Ndinadinanso, inangondionetsa timabokosi topanda kanthu.

"Imafuna senya, amama," unatero.

"Basi, ndipatse senyayo."

"Sindingathe. Ndi lamulo lawo. Ndasaina pepala kuti telefoniyi izikhala yotseka nthawi zonse, ndipo senya sindidzauza munthu. Akadziwa kuti ndauza wina amailanda, dzina langa limapita kwa akuluakulu, ndipo kuchipatala kokaphunzira ntchito sandilola."

"Munthu? Ine ndasanduka munthu lero?"

Zimene ndinanena pambuyo pake ukuzikumbukira. Ndinakufunsa pamaso pa amalume ako ngati muli mwamuna m'menemo. Ndinati sukulu sinayambe koma wayamba kale kutsekera mayi ako chitseko. Amalume ako anaseka, iwe unapita kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinakumva ukulira koma sindinadzuke.

Lero kutchalitchi, ndikutsegula buku la nyimbo, mwagwa kapepala kopinda kanayi. Pamwamba pake walemba kuti, "Amama, nayi. Musakwiye nane ndikupita." Nyimbo yonse sindinaimbe. Mwana amene wavutikira malo amenewa zaka zonsezi waswa lonjezo limene wasaina, asanagone ngakhale tsiku limodzi kusukuluko, chifukwa choopa nkhope ya mayi wake. Ndachita manyazi, Jowakina. Za kapepalako ndinena kumapeto. Choyamba undimve.

Mawu amenewa a senya anandisokoneza. Ine senya imene ndimaidziwa ndi kapepala ka nambala kamene amatipatsa pamzere kuchipatala ku Fingowe. Imeneyo timapatsana. Ukafuna kukagula sopo umasiyira mnzako kuti akugwirire malo, ukatopa n'kubwerera kunyumba umapatsa wobwera mochedwa. Ndiye utati imafuna senya, m'mutu mwanga munabwera chinthu chimene munthu sangamane mlendo, nanji mayi wake. Utafotokoza kuti ili ngati kiyi, sizinandithandize, chifukwa kiyi wa nyumba ino amakhala pansi pa mtondo ndipo mudzi wonse ukudziwa. Kuno telefoni ndi yobwerekana ngati sefa. Yotseka timati ndi ya munthu wachibwenzi, kapena wogula golide mobisa. Nyimbo imeneyo woitsogolera wamkulu ndakhala ndili ine, ndi mawu anga aja amene wawamva kuyambira uli kumsana: ine ndilibe chobisa. Mawu amenewo andilakwitsa katatu, ndipo ndikufuna ukapite ukudziwa.

Kulakwa koyamba ndinakuchita ndili wamng'ono kuposa iwe, tili kothawa nkhondo ku Zambia. Ndi kumene ndinaphunzira kulemba Chinyanja ichi, n'chifukwa chake Chipwitikizi chimandipinda lilime mpaka lero. M'misasa ya mbali yathu odziwa kuwerenga tinali ochepa, ndiye makalata akabwera ndi anthu odutsa malire ankaitana ine. Ndinkanyada kwabasi. Ndinkaimirira ngati mphunzitsi, n'kutsokomola kaye kuti onse akhale chete. Tsiku lina bambo wina wa ku Chiputo anandipatsa kalata yomata ndi phala, n'kusokedwanso ndi ulusi m'mbali. Anthu anasonkhana, poti kalata yochokera kwathu inali ya aliyense. Ndinadula ulusi ndi mano n'kuyamba kuwerenga mokweza, osayamba ndaona zimene zinalembedwamo. Inali yochokera kwa mkulu wawo, kuwauza kuti akazi awo amene anatsala kumudzi anamva kuti iwo anafa, ndiye anakwatiwa ndi wina ndipo ali ndi mwana. Ndinawerenga mpaka pa moni womaliza, chifukwa ndinkamvetsera kukoma kwa mawu anga m'malo momvetsera zimene ndikunena. Bamboyo anatenga kalata yawo, n'kuipinda bwinobwino, n'kuti, "Mwanawe, amene anasoka kalatayi sanali wopusa." Sanandikalipire. Koma kuyambira tsiku limenelo sanaimenso pamzere wolandira chimanga, ankachita kutuma. Ndikanaphunzira pomwepo, koma mwana wa zaka khumi ndi ziwiri amaiwala msanga.

Kulakwa kwachiwiri unaliko, kungoti chiyambi chake sunachidziwe. Chaka chimene abambo ako anayamba kugulitsa mbuzi kwa okumba golide, anabwera tsiku lina telefoni yawo ili yotseka. Masiku atatu mtima wanga unali kuwira. Sindinafunse, poti ndinali nditaweruza kale. Atapita kudimba n'kuiiwala pawindo, ndinaitenga. Ndinayesa chaka chimene tinakwatirana, inakana. Ndinayesa chaka chimene anabadwa, inakana. Kachitatu ndinangodina mwaukali, telefoni n'kufa ndithu, n'kulemba mawu a Chipwitikizi amene sindinawamve. Abambo ako anapalasa njinga mpaka ku Fingowe kukaitsegulitsa, tsiku lonse linathera panjira, ndipo amene ankafuna mbuzi anakagula kwa ena. Atabwera, fumbi lili mpaka m'nsidze, anangoti, "Amake Jowakina, mukanangofunsa. Kumigodi aliyense amati ndibwerekeni ndiimbe, kenako amayamba kufufuza manambala a anthu amene ndimawagulitsa mbuzi." Nambala yake inali tsiku limene unabadwa iwe. Munthu wanzeru akanapepesa. Ine ndinalimbikira mpaka anachotsa lokoyo, ndipo Lachinayi lotsatira ndinakaimirira pamsonkhano wa amayi kutchalitchi n'kunena kuti m'nyumba ya Akhristu mulibe chobisa. Anandiombera m'manja, ine n'kumadziona ngati ndapambana mlandu.

Tsopano ndifike pamene ndakhala ndikuzungulira. Wakhala ukundifunsa chimene chinalowa pakati pa ine ndi amayi ako aang'ono a Rozalina, nthawi ija unkakhala kwawo ku Fingowe uli ku sekundariya. Ndinkakuyankha kuti ndi za akulu. Mawa ukukwera shapa, minibasi ija, wekha, ndiye wakula.

Rozalina, mng'ono wanga, anali atandichenjezapo. Ukudziwa kuti kuno kulibe magetsi, ndiye tsiku la msika ndinkasiya telefoni pabanka ija, kaokala ka solala ka pamsika, kuti ilowe moto, ine n'kumagulitsa nyemba. Tsiku lina ataona ndikuisiya anati, monga ankandiitanira ine mkulu wake, "Mana, tsekani telefoni yanuyo. Imakhala pano tsiku lonse m'manja mwa eni ake."

Ndinaseka. "Ndilibe chobisa ine."

"Inu mulibe. Nanga amene amakulemberani?"

Sindinamve chimene ankatanthauza. Ndinangoti mng'ono wanga wayamba zachizungu chifukwa chokhala pa vila, patauni ya Fingowe.

Patapita miyezi ingapo anatiuza kuti akupita ku Tete kukaoda zitenje zodzagulitsa, monga ankachitira nthawi zonse. Chonsecho ankapita kukayezetsa magazi kutali ndi maso odziwika. Atamva zotsatira analibe mphamvu yoimba, ndiye analemba uthenga. Analembera ine. Zonse zimene zinali mu uthengawo sindizilemba pano, ndi zake, koma mzere womaliza unali wakuti, "Ndauza inu nokha, mana." Linali tsiku la msika. Telefoni yanga inalira ili pathabwa la pabanka, pakati pa matelefoni a anthu ena, yosatseka. Mkazi wa mwini banka anaitola. Pambuyo pake ankati anaganiza kuti mwina ndi uthenga wa maliro, wofunika kundithamangira nawo. Kaya. Chimene ndikudziwa n'chakuti masana, ndikukutumula thumba la nyemba, mayi wina wogulitsa tomato anandigwira dzanja n'kuti, "Pepani ndi za ang'ono anu." Ine osadziwa kanthu. Pamsika wonse wa Fingowe, womaliza kuwerenga uthenga wanga ndinali ine.

Rozalina atabwerako anapeza nkhani yake itamutsogolera. Amayi amene ankadya naye mbale imodzi pamsika anayamba kubwera ndi mbale zawo. Anabwera kuno panjinga, n'kuima apa pamene ndakhala, osalowa m'nyumba. Sanakalipe.

"Mana, ndinakuuzani."

"Si ine," ndinatero. "Ndi mkazi wa pabanka uja. Wapakamwa ameneyo."

"Ine sindinalembere mkazi wa pabanka."

Anatembenuza njinga n'kumapita. Amati chibale ndi fupa sichiola, ndiye ndinadikira kuti mtima wake uphwe, abwere yekha. Ine kupita kukagwada, ayi, poti ndinkati sindinalakwe.

Zotsatira zake unaziona ndi maso ako, kungoti sunadziwe gwero lake. Tsiku lake lolandira mankhwala ankapita kuchipatala cha ku Fingowe, n'kutenga senya ya pamzere ija, koma akaona nkhope zodziwika zikutembenuka ankapatsa wina senyayo n'kubwerera kunyumba. Kenako anayamba kukalandirira ku Tete. Mvula ikagwa msewu umaudziwa mmene umakhalira. Anayamba kudumpha mwezi, kenako miyezi. Amene ankamutembenuza pamphasa ndi kumumwetsa phala unali iwe, mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ndi pamenepo pamene unayambira kunena kuti udzakhala namwino. Ine ndinafika atasiya kale kulankhula. Matenda sindinamupatse ndine, ndipo amene anawerenga uthenga wa eni ali ndi mlandu wake. Koma njira ya kuchipatala ndinathandiza kumutsekera, ndi telefoni imene anandipempha yekha kuti nditseke.

Zaka zinayi zapita. Mkazi wa pabanka uja sindimulonjera mpaka lero, ndipo telefoni yanga ndimaikitsa moto kwina. Koma taiyang'ana, ili apa pambali panga, ikadali yosatseka. Kuitseka kukanakhala kuvomera kuti Rozalina ankanena zoona. Ndiye Lachinayi, telefoni yako itandikana, chimene chinandiwotcha sunali iwe. Chinali chakuti anthu a ku univesidade, amene sanaonepo nkhope ya mng'ono wanga, alemba kukhala lamulo zimene iye anandiuza pamsika ine n'kumuseka. Mkwiyo umene ndinayenera kudzikwiyira ndekha ndinautsanulira pa iwe. Undikhululukire, mwanangu.

Tsono tamvera. Unanena wekha kuti m'telefonimo muzikhala zotsatira za mayeso ako ndi mabuku, komanso kuti mukayamba kuphunzira ntchito m'chipatala azikutumizirani momwemo maina a odwala amene mukuwasamala, ndi zimene akudwala. Mayeso ako ndi ako, ukafuna ukaimbe lipenga. Koma maina enawo si ako. Aliyense wa iwo ndi mng'ono wa munthu wina, ndipo ena adzakhala atakwera shapa kuchokera kutali kuti asaonedwe ndi odziwika. Tsiku limene udzayambe kuganiza kuti ndilibe chobisa ine, udzakumbuke funso la Rozalina lija.

Opempha senya adzabwera, ndipo sadzabwera ndi nkhope zoipa. Woyamba adzakhala mnzako wogona naye chipinda chimodzi, telefoni yake itatha moto, mayi wake akudwala. Usamumane thandizo, sindinakulere kuti ukhale waumbombo. N'chifukwa chake kafoni kako kakale ka mabatani kaja, kamene umati usiyire msuweni wako, ndakabwezera m'mala. Kameneko kakhale sefa yobwereketsa, aliyense aimbire. Ya ku univesidadeyo isachoke m'manja mwako ili yotsegula, ngakhale ukungopita kukatunga madzi. Mkazi wa pabanka sizinamutengere tsiku lonse, zinangomutengera nthawi yomwera kapu ya madzi.

Adzabweranso mnyamata. Usagwetse nkhope, ndikudziwa kuti adzabwera, sunabadwe woipa. Adzati, ngati umandikonda ndiuze senya, anthu okondana sabisirana. Mawu amenewo ndimawadziwa bwino chifukwa mwini wake ndine, ndinawagwiritsa ntchito pa abambo ako. Amatuluka m'mantha a wonenayo, ndipo ukamupatsa senya manthawo sakutha, amangosamukira pa chinthu china. Umuuze kuti zimene zili mkatimo si zako zoti ungagawe. Akamvetsa, ameneyo ubwere naye tidzamuone. Akakwiya, umusiye akwiye. Abambo ako anagonja kwa ine chifukwa chofuna mtendere m'nyumba, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanandikanira.

Ovuta kwambiri ndi ife akwanu. Ukadzabwera pa feriya, sukulu itatsekera, amalume ako adzafuna kuonera mpira, azakhali ako adzafuna zithunzi, ndipo ukadzakana adzati sukulu yakulowa m'mutu. Zidzakuwawa, chifukwa wakulira m'manja mwa anthu amenewa. Uwalonjere mogwada monga mwa nthawi zonse, uwatungire madzi, zithunzi uwaonetse telefoni ili m'dzanja lako. Akalimbikira uwatumize kwa ine. Ndine ndinayambitsa nyimbo imeneyi pamudzi pano, ndiye ndine ndiyenera kuimaliza. Amalume ako ndiwayamba mawa lomwe.

Ndipo usailembe paliponse. Ndikudziwa chizolowezi chathu, manambala onse a banja lino ali kuseri kwa chitseko, olembedwa ndi makala. Senya isakhale kuseri kwa chitseko, isakhale m'kaderno, isakhale m'buku la nyimbo la munthu. Malo ake ndi m'mutu mwako basi. Ukaiiwala, upite kwa eni telefoni akuthandize. Kuchita manyazi pamaso pa mlembi wa mu ofesi n'kwabwino kuposa zimene ndakuuzazi.

Zina zonse, za kupemphera, za kudya, za kusayenda wekha m'misewu ya eni, wazimva kwa abambo ako ndi kwa azakhali ako mpaka makutu kuwawa. Sindibwereza. Mtedza wokazinga uli m'chitenje chobiriwira, ugawireko anzako.

Tsopano za kapepala kaja. Pobwera kutchalitchi ndinapangana ndi mtima wanga kuti ndikubwezera kali chipindire, kuti ndidzakuuze monyada kuti mayi ako sanatsegule. Ndinakaika pansi pa chikho. Ndinasesa pabwalo posesedwa kale. Ndinapatsa nkhuku madeya kawiri. Iwe utangowoloka mtsinje, ndinakatsegula. Ndikanatha kukunamiza, koma kalata yonseyi ikanakhala yopanda pake. Ndi mmene alili mayi ako: akudziwa zonse zimene walembazi, manda a mng'ono wake ali apo, koma pepala lopinda silinathe ngakhale theka la tsiku m'manja mwake. Ngati ine, amene ndingakufere, ndalephera, usadzayese wina aliyense ndi katundu ameneyu.

Ndinaona zimene unasankha. Dzina la Rozalina, ndi chaka chimene anatisiya. Ndinakhala pansi pomwepo pafupi ndi mtondo n'kulira kumene sindinalire pamaliro ake. Iwe osadziwa kanthu, unamuika kukhala mlonda pa chitseko chimene iye anandipempha kuti nditseke. Kapepalako ndakaponya pamoto. Koma maso anga aona, ndipo aliyense wokudziwa kuno angathe kulota dzina limenelo, choncho usinthe lero, usanadye. Amayi ako aang'ono sadandaula, ntchito yawo aigwira. Yatsopanoyo usandiuze. Ndikadzakufunsa mwanthabwala, ukane. Ndikadzakwiya, ukane. Ndikadzati ndinakuyamwitsa, udzandikumbutse kalata ino.

Ndili ndi pempho limodzi. Mawa wa mota, wa njinga yamoto uja, abwera kudzakutenga dzuwa likangotuluka, kuti ukapeze shapa ya ku Fingowe isanadzaze. Asanafike, tikhale pakhonde pano, undionetse mmene amatsekera telefoni yangayi. Uzipita pang'onopang'ono, zala zanga ndi za khasu. Ndipo ikafika poti ndilembe manambala anga, iwe uyang'ane kumbali.

Ndine amene ndinakubereka,
Amako